MAPHUNZIRO A NCHITO ZA MANJA KUNO KUNYANJA

Mau okambidwa kwa mafumu, makolo ndi achinyamata a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Mafumu, makolo, ndi inu anyamata ndi asungwana, nkhani ya mwezi uno ndi ya maphunziro a nchito za manja, ndiwo aja ophunzitsa munthu kupala matabwa, kumanga nyumba, kusoka zobvala, kuwotcherera zitsulo, kukonza injini ndi kulumikiza mawaya a magetsi.

M'midzi yambiri kuno kunsi kwa phiri muli mlandu wina umene sufika pabwalo la mfumu, koma umakambidwa m'nyumba usiku ana atagona. Mnyamata watsiriza Folomu 4 ndipo mayeso sanamuyendere bwino, kapena wakhoza ndithu koma malo ku yunivesite sanapezeke. Atsibweni ake akuti agulitse mbuzi apite ku Joni. Amai ake akuti akhale azilima mpunga. Tsono wina akatchula sukulu ya umisiri onse amangoti zii, pakuti ambiri amayesa kuti kumeneko n'kopita anthu olephera. Ena amafika ponena kuti, "Ukaipa dziwa nyimbo," ngati kuti luso la manja ndi chotonthozera mwana amene mabuku amkana.

Maganizo amenewa sanachite kugwa ndi mvula ai. Ali ndi mbiri yake, ndipo munthu wofuna kuweruza bwino mlandu wa mwanayo ayambe wamva mbiriyo.

Sukulu isanabwere

Dziko lino la m'mbali mwa nyanja silinayambe kudziwa umisiri chifukwa cha Azungu. Pafupi ndi Mtakataka pali malo otchedwa Mankhamba, pamene panali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Dr. Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza zipangizo za chitsulo ndi za mkuwa, zidutswa za minyanga ya njobvu yosemedwa, mikanda, ndi mapale a mbale zochokera ku China. Mbale za ku China sizikadafika pa Mankhamba eni mudziwo akadakhala opanda chogulitsa. Anali ndi minyanga, anali ndi chitsulo, ndiponso anali ndi anthu odziwa kusandutsa zimenezi kukhala katundu.

Sukulu ya masiku amenewo inali pachipala. Mwana ankayamba ndi kutola makala, kenaka ankapatsidwa mvukuto wa chikopa cha mbuzi kuti azikoleza moto, ndipo pankapita zaka asanaloledwe kugwira nyundo. Wosema bwato ankatenga mwana wa mlongo wake kunka naye kuthengo kukasankha mtengo. Mai woumba mbiya ankaonetsa mwana wake pokumba dothi labwino ndi kaotchedwe kake. Chikalata panalibe, chifukwa khasu lokha linali mboni: likathyoka msanga, mudzi wonse unkadziwa dzina la amene analisula. Pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza anthu akupota thonje, akuomba nsalu, ndi kusungunula chitsulo m'ng'anjo.

Nanga luso lonselo linapita kuti? Nkhondo ndi malonda a akapolo zinabalalitsa midzi. Amisiri ena ankabisa nzeru zao kuti zikhale za banja lao lokha, ndipo mkulu akafa mwadzidzidzi ankapita nazo kumanda. Koma chachikulu chinali sitolo. Makasu ndi nsalu zopangidwa ndi makina ku Ulaya zitayamba kufika zotsika mtengo, anthu analeka kupita kwa woomba ndi kwa wosungunula, ndipo ng'anjo zinazima imodzi imodzi chifukwa chosowa wogula.

Nthawi ya mishoni

Mu 1875 amishoni a ku Scotland anakhazikika ku Cape Maclear, tsidya lija la nyanja, ndipo m'gulu mwao munali kalipentala, wosula ndi odziwa injini, osati alaliki okha. Malungo atawabvuta anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 Dr. Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu pa Khondowe. Kumeneko mnyamata ankatha kulembedwa kuti aphunzire ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku kapena kutumiza mau pa lamya, ndipo ankachita pangano lokhala zaka zingapo asanachoke. Pofika 1905 pa Khondowe pankayaka magetsi opangidwa ndi madzi a mumtsinje.

Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera nchitoyo, sanaphunzire za kamangidwe, ndipo anthu amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali asanamangepo nyumba yotero. Onse anaphunzira ali pakhoma pomwepo, ndipo tchalitchicho chidakalipo. Mu 1892 Joseph Booth anayamba Zambezi Industrial Mission, ndipo mu 1900 John Chilembwe anayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Liu lakuti Industrial m'maina amenewa linkatanthauza kuti mishoni iziphunzitsa nchito ndi kudzidyetsa yokha. Chilembwe ankafuna kuti munthu wakuda akhale ndi munda wake, malonda ake ndi luso lake, ndipo amai a pa mishoni yake ankaphunzira kusoka.

Kuno kwanu Abambo a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, ndipo mu 1908 anatsegulanso mishoni ya Mtakataka. Mishoni inkasowa njerwa, zitseko, mazenera, mabenchi ndi madenga, ndipo sikukanatheka kuitanitsa zonsezi ku Ulaya. Tsono anyamata a m'midzi yozungulira ndiwo anaphunzira kuumba njerwa, kucheka matabwa ndi sowo wa anthu awiri, ndi kupala. Dzina limene akulu a pa Mua saliiwala ndi la Bambo Jean-Baptiste Champmartin wa ku France, amene anthu polephera kutchula dzina lake anangomutcha Chamare. Iye anakhala pa Mua zaka zambiri akuphunzitsa anyamata ukalipentala, ndipo nyumba yosungiramo za chikhalidwe imene iri pa Mua lero imatchedwa ndi dzina lakelo.

Masiku amenewo mmisiri wa mishoni sanali munthu wonyozeka. Ankabvala bwino, nyumba yake inali ndi chitseko cha matabwa pamene anzake ankatseka ndi cha bango, ndipo akafunsira mbeta akuchikazi sankachedwa kubvomera.

Chimene chinakhotetsa zinthu

Bvuto linabuka pamene amisiri anachuluka kuposa nchito ya pa mishoni. M'midzi anthu analibe ndalama zogulira tebulo, pakuti kandalama kamene munthu ankapeza kankathera pa msonkho. Eni minda ya fodya ndi tiyi ankafuna manja ambiri olipidwa pang'ono. Boma la atsamunda nalo linkamanga zochepa. Kotero mnyamata wophunzira bwino ankamanga zipangizo zake pamtolo n'kuuyamba ulendo wa ku Halale, ku Joni, kapena ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi Katanga. Kumeneko anthu a ku Nyasaland anatchuka kuti ndi odziwa nchito, koma nyumba zimene anamanga zinatsala komweko, ndipo ambiri a iwo anasanduka machona. Komiti imene Boma linaika mu 1935 kuti ifufuze za maulendowa inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko.

Makolo anaona chinthu chinanso. Kalaliki wa kwa D.C. ankakhala pamthunzi, malaya ake osada, malipiro ake otsimikizika mwezi ndi mwezi, ndipo mfumu yomwe inkamupatsa ulemu. Mmisiri ankapsa ndi dzuwa pamwamba pa denga. Ndani akanasankhira mwana wake denga?

Pamwamba pa izi panabwera nkhani ya 1924. Chaka chimenecho gulu la Phelps-Stokes, lotsogoleredwa ndi Thomas Jesse Jones, m'mene munalinso Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, linayendera sukulu za m'Nyasaland. Nzeru zao zinachokera ku sukulu za anthu akuda za Hampton ndi Tuskegee ku America, ndipo ankati mwana wa mu Africa aphunzire zomuthandiza pamudzi, ndizo kulima, ukhondo ndi nchito za manja. Anayamikira kwambiri amishoni a ku Nkhoma chifukwa cha nchito zao za m'midzi. Mu 1926 Boma linakhazikitsa ofesi yake yoyang'anira maphunziro, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene mphunzitsi ankapita ndi mkazi wake kuti onse awiri akaphunzire za pamudzi.

Munali zabwino m'maganizo amenewa, ndipo zina mwa izo zikugwirabe nchito. Koma anthu ophunzira a m'mabungwe a Native Association, monga Levi Mumba, ankapempha sukulu za Boma ndi maphunziro apamwamba, ndipo ambiri ankakaika poona kuti mwana wa Mzungu akuphunzira za udokotala ndi malamulo pamene mwana wakuda akuuzidwa kuti aluke dengu. Kukaika kwao kunali ndi maziko, pakuti dziko lonse linalibe sukulu ya sekondale mpaka 1940. Kuyambira pamenepo mau akuti nchito za manja anayamba kumveka ngati mpanda wotchinga munthu kuti asakwere. Ndi chimenechi chimakhalitsa anthu chete m'nyumba muja, ngakhale ambiri sakudziwanso kumene chinachokera.

Anzanu a ku Philippines

Si kuno kokha kumene zinayenda chotero. Kutali kum'mawa, kupitirira India, kuli dziko la zisumbu zambiri lotchedwa Philippines. America itatenga dzikolo m'manja mwa Spain mu 1898, inatsegula sukulu ya umisiri mumzinda wa Manila mu 1901, ndipo m'sukulu za pulaimale ana ankalamulidwa kuluka madengu ndi zipewa, kusoka ndi kulima dimba. Makolo ambiri akumeneko nawonso ankalakalaka kuti ana ao akhale maloya ndi akalaliki. Koma m'kupita kwa zaka dzikolo linagwiritsa chinthu chimodzi, ndicho kuyesa mmisiri ndi kumpatsa chikalata chimene wolemba nchito angachikhulupirire, ndipo mu 1994 linakhazikitsa bungwe la TESDA loyang'anira maphunziro otere. Lero anthu a ku Philippines ndi ochuluka m'zombo za pa nyanja zazikulu za mchere, ndiponso pa nchito zowotcherera ndi zomanga m'maiko ambiri. Nawonso amasiya akazi ndi ana kwao, ndipo imeneyo si nkhani yokoma. Komabe pali kusiyana pakati pa munthu wopita kunja ali ndi chikalata cha luso lake m'thumba, ndi mnyamata wa kuno wodumpha malire usiku kuti akagwire nchito iriyonse imene angaipeze, pa malipiro alionse amene bwana anganene.

Boma lilowapo

Tsono za kuno. Njanji inafika ku Salima mu 1935, kudzera pa Golomoti ndi pa Chipoka, ndipo inabwera ndi nchito zatsopano za zitsulo ndi injini. Mu 1951 sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanja, zidutswa zake zitachokera ku Scotland n'kulumikizidwa ku Monkey Bay. Zinthu zotere sizikonzedwa ndi nsompho, ndipo Boma linaona kuti silingalekere amishoni okha. Sukulu ya sekondale ya Dedza, kumtunda kuja, inatsegulidwa mu 1951 iri ndi mbali yophunzitsa umisiri. Sukulu ya amisiri ya Soche inayamba mu 1956, ya Lilongwe mu 1963, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964, Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965.

Akulu akukumbukanso Apayoniya, gulu limene linayamba mu 1963. M'misasa yao achinyamata ankaphunzira ulimi, kumanga, ukalipentala ndi kukonza galimoto, ndipo alipo amisiri abwino m'midzi amene anayambira kumeneko. Koma gululo linalinso dzanja la chipani, anthu ankaliopa, ndipo pamene asilikali analilanda zida mu December 1993 maphunziro ake anagwera limodzi ndi mfuti zake. Misasa yambiri inasanduka mabwinja.

Mu 1994 sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo ana olembedwa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khomo lolowera linakula, koma makomo otulukira anakhala omwe aja. Ana ambiri anatsiriza sukulu akudziwa kulemba kalata yofunsira nchito, koma kopanda koitumiza. Wenela, amene kale ankameza anyamata otere, anali atatsekedwa. Dr. Banda analetsa kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ngakhale Theba anadzayambanso kulemba, nayenso analeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a umisiri, ndipo olemba nchito amasonkha gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro a anchito ao kuti maphunzirowa aziyenda. Sukulu zazikulu zodziwika ndi za Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kwa anthu a kuno ya Salima ndiyo yapafupi. Mu 2015 Boma linayamba kutsegula sukulu za umisiri zazing'ono m'maboma. Choonadi n'chakuti malo akadali ochepa, ndipo ofunsira amachuluka kwambiri kuposa otengedwa.

Zimene zinachitika pa Mua

Mu 1976 Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni pa Mua. Kusema kunalipo kale m'manja mwa anthu, pakuti mitondo, mipini, zipande ndi mipando sizinathe m'midzi. Chatsopano chinali chakuti osemawo anapeza wowaongolera, zipangizo ndi wogula pa malo amodzi. Ziboliboli, mitanda, zitseko ndi maguwa a nsembe osemedwa pa Mua ziri m'matchalitchi a m'Malawi ndi a maiko akunja. Luso limeneli silinathawire ku Halale monga la agogo aja, chifukwa tsopano wogula ndiye ankabwera pa Mua. Munthu wokwera msewu wa Khwekhwerere amaona zofanana nazo: tigalimoto, tinjinga ndi timathirakitala tosemedwa bwino tokhala ndi mawilo oyenda, tikugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Palibe sukulu imene inaphunzitsa anthu amenewo. Anaphunzitsana okha, msewu utawabweretsera ogula.

Msika wa alendo uli ndi bvuto lake. Mliri wa Covid-19 utatseka maulendo mu 2020, osema ambiri m'dziko muno anakhala ndi katundu wosowa womufunsa mtengo. Chifukwa chake mudzi wonse sungadalire ziboliboli. Koma nkhani ya pa Mua ikuonetsa funso loyenera kufunsidwa m'nyumba muja. Pasafunsidwe kuti kodi umisiri ndi wa olephera. Pafunsidwe kuti, mwanayu akaphunzira, nchito yake adzaigula ndani?

M'masiku a Chamare yankho linali lakuti ndi mishoni yokha. Lero tayang'anani pamsika wa Golomoti kapena wa Mtakataka. Njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo iriyonse imafuna wokonza. Pali zigayo za chimanga ndi makina opunthira mpunga, kugombe kuli maboti a injini, m'matumba mwa anthu muli mafoni, ndipo pa madenga pali timagetsi ta dzuwa timene kawirikawiri timalumikizidwa ndi munthu wongoyerekeza, batire n'kufa pasanathe chaka. Ndalama zimene ana a ku Joni amatumiza zimathera pa nyumba za malata, ndipo nyumba iriyonse imafuna womanga, wokhoma denga, ndi wowotcherera mafelemu a zitseko ndi mazenera. Mjigo ukafa, mudzi umasonkha ndalama n'kuitana munthu wakutali, amai n'kumatunga madzi kumtsinje milungu ingapo podikira. Ndalama imeneyo ikanatha kutsala m'mudzi momwemo.

Ziripo nchito zokulirapo. Sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatenga madzi mumtsinje wa Namikokwe, iri ndi ngalande za simenti ndi zipata zachitsulo zofuna kukonzedwa chaka ndi chaka. Pa Golomoti, mu 2022, panayamba kugwira nchito malo opanga magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire akulu osungira mphamvu. Apa pasakhale kunamizana. Malo otere amalemba anthu ambiri pomanga, koma akatha kumanga amatsala ndi ochepa. Wokumba maenje amalipidwa miyezi ingapo n'kubwerera kumudzi, ndipo wotsala ndi uja wodziwa magetsi amene ali ndi chikalata.

Za asungwana

Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto, imene inalowa ufumu mu 2003, inamveka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubweza anawo kusukulu, ndipo mu 2017 malamulo akulu a dziko anasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana. Koma pali funso limene limatsala ukwati ukathetsedwa. Msungwana wa zaka 17 amene ali ndi mwana kumsana sakhala womasuka nthawi zonse kukhala pabenchi limodzi ndi ana a Sitandade 6, ndipo akasowa chochita umphawi womwe uja umamubweza kwa mwamuna. Kwa wotere luso la manja si chotonthozera ai, ndi chakudya cha mwana wake. Ndipo asaumirizidwe kusoka kokha. Atelala achuluka kale pa khonde la sitolo iriyonse, ndiponso kaunjika wawalanda ogula. Waya wa magetsi safunsa ngati dzanja lomugwira ndi la mwamuna, ndipo sukulu za umisiri zimalandira asungwana pa magetsi, pa mipope ya madzi, pa kuwotcherera ndi pa kumanga.

Kwa makolo amene asankha njira imeneyi

Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi ya kusukulu ya umisiri, ndipo wofuna kudziwa nthawi yofunsira malo ndi zoyenereza afunse ku ofesi ya za nchito pa boma la Dedza kapena ku ofesi ya TEVETA ku Lilongwe. Yachiwiri, imene ana ambiri amadzera, ndi yokaphunzira kwa mmisiri wa pamsika. Njira imeneyi ndi yakale ngati chipala, ndipo yatulutsa amisiri abwino, koma iri ndi msampha. Alipo amisiri amene amasandutsa mwana wa mnzao kukhala wotunga madzi ndi wosesa, chaka n'kutha asanamgwiritse sikweya. Chifukwa chake makolo apangane ndi mmisiriyo pamaso pa nyakwawa: mwana akhala nthawi yaitali bwanji, aphunzira chiyani ndi chiyani, adya kuti, ndipo adzayamba liti kulandira kanthu pa nchito imene wagwira. Akatsiriza asalekere pomwepo. TEVETA iri ndi njira yoyesera munthu amene anaphunzira kwa mmisiri kapena payekha kuti nayenso alandire chikalata, ndipo chikalatacho ndicho chimamufikitsa pa nchito za makontirakitala ndi za Boma.

Mwana wotsiriza maphunziro wopanda zipangizo amabwerera kukapempha ganyu kwa anzake. Mbuzi zija zimene atsibweni amati zigulitsidwe kuti zilipire ulendo wa ku Joni zingagule sowo, nyundo, sikweya ndi tepi yoyezera, kapena masipanala oyambira. Ndipo inu achibale, mwana akatsegula kashedi kake muzimulipira. Amisiri ambiri ang'ono sagwa chifukwa chosadziwa nchito, amagwa ndi mau aja akuti, "Ndi mwana wathu yemwe, tidzampatsa tikakolola." Azakhali atenga mpando, alamu atenga chitseko, ndipo pofika mwezi wachitatu palibe ndalama yogulira thabwa lina.

Nkhani yotsala ndi ya inu mafumu, ndiyo ya mitengo. Anyamata a Chamare ankapeza mlombwa ndi mbawa pafupi. Lero kalipentala amayenda mtunda wautali kapena amagula matabwa a paini ochokera kumtunda, wosema amabvutika kupeza phingo, ndipo nkhalango ya Mua-Livulezi ikuchepa ndi makala ndi nkhuni zootchera njerwa. Kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za Boma ndi pa nchito zazikulu zomanga, kotero womanga wa lero ayenera kudziwanso kuumba ndi kuyala mabuloko a simenti. Koma thabwa la chitseko silingaumbidwe. Mbawa yobzalidwa chaka chino idzachekedwa ndi mdzukulu wa mwana amene mukukamba za sukulu yakeyu, ndipo ndi mfumu yokha ingapatule malo a nkhalango ya mudzi n'kuwateteza zaka zonsezo ku moto, ku mbuzi ndi ku nkhwangwa. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 December. Mudzi wofuna mbande uonane ndi mlangizi wa za nkhalango mvula isanagwe, pakuti mbeu zifunika kufesedwa m'machubu miyezi iwiri kapena itatu zisanaokedwe.